Tulo ta Marita

Kuseri kwa phiri la Mphunzi,
Lachiwiri, 9 Juni 1914.

Okondedwa alongo anga a Yeremiya,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Halale, ndi kuti chifuwa chija munanena chinakusiyani. Kuno tilipo. Chisanu chayamba msanga chaka chino, moti m'mawa madzi a mumtsuko akumawawitsa mano, ndipo amayi sakutuluka m'nyumba dzuwa lisanafike pakhonde. Chimanga tatsala pang'ono kutha kututa. Nyemba zachita bwino, koma kachewere wa kudimba wadyedwa ndi mfuko.

Kalata yanu inafika Lachisanu lapitali, ndipo ndiyambe ndi kudandaula. Inandipeza itamatulidwa kale n'kumatidwanso ndi ulimbo. Aphunzitsi akuti inanyowa panjira. Mvula ya mu Juni imene imanyowetsa pomata pokha, ine sindinaionepo. Ndiponso mayi athu aang'ono, a Esitere, anali akudziwa kale mawu anu ine ndisanawerenge, iwo amene sadziwa ngakhale kumutu kwa pepala. Choncho kalata inoyi siidzera kwa aphunzitsi. Ndiipereka kwa a Gervazio, amene akunyamuka Lachinayi kubwerera kuntchito kwanuko, ndipo ndawapempha kuti aisiye m'manja mwanu, osati pakhomo.

Mwalemba kuti, "Ngati mlamu sakukana mlanduwo, achoke mukatha kukolola." Amenewo ndi mawu a mwini mbumba, ndipo onse awalandira. Amuna anga a Yohana achoka Loweruka lino kubwerera kwawo ku Mayani, ndipo ana atsala ndi ine monga mwa mwambo wathu. Inu munaweruza ndi zimene a Esitere anakutumizirani. Tsopano imvani zanga, ndipo chonde musapinde pepala musanafike kumapeto, monga munkachitira ndi buku la kusukulu mukamva anzanu akupita kokasaka mbewa.

Inu munanyamuka mwezi womwe ife tinabwerako kuchipatala, ndiye zambiri za Marita wanga munangomva. Mukukumbukira kuti akukwawa anagwira chikuni chamoto, ndipo chilonda chitapola zala zitatu za dzanja lamanja zinapindikira m'chikhatho n'kumatirira. Ndinu nomwe munati, "Mwana wamkazi wopanda dzanja adzagwira bwanji munsi? Pitani naye kwa adokotala a ku Mishoni." Sindikunena izi kuti ndikuponyereni mlandu. Ndikungofuna mukumbukire mwana amene tinanyamuka naye. Anali ndi chaka ndi miyezi isanu, wolongolola kuposa amake. Ankatchula madzi, mbuzi, moto, ndipo inu ankakuitanani kuti "lume" akukukokani ndevu zanu zisanu zija.

Tinayenda masiku atatu, ine ndi a Yohana. Kumeneko tinakhala m'chisakasa cha odikirira odwala, pamodzi ndi amayi ena a midzi yosiyanasiyana. Wothandiza adokotala, a Rafaelo, munthu wa chigawo chathu chomwechi, anatifotokozera kuti mwanayo adzamugonetsa ndi mankhwala kuti asamve mpeni. Tsiku lake litakwana anati alowe kholo limodzi lokha, ndipo anasankha a Yohana chifukwa ndiwo akanatha kugwira miyendo. Chitseko chisanatsekedwe ndinaona tebulo lalitali, kachitsulo kolukidwa ngati kadengu kokutidwa ndi nsalu yoyera, ndi kabotolo kofiirira. Anamuvundikira kadenguko pamphuno n'kumadonthezera mankhwalawo pansalupo. Fungo lake linandipeza panja, lotsekemera ngati masuku oola. Kulira kwa mwana kunayamba kuchepa, kenaka kunatha.

A Rafaelo anali atanena kuti ntchitoyo siitenga nthawi yoposa kuphika maungu. Maungu akanapsa katatu. Ndinamva beseni likugwa, mzungu akukalipa m'chinenero chake, mapazi akuthamanga, ndiyeno zii. Pondiitana dzuwa linali pamutu. Marita anali gone pamphasa, dzanja litakulungidwa, milomo itatuwa. Ndinafunsa a Yohana chimene chinachitika, iwo n'kungoti, "Wavuta kudzuka." Anadzuka chakumadzulo, osalira, ndipo maso ake anandidutsa osandizindikira.

Dzanja ndiye linachira, tisanamizire Mulungu. Zala zonse zisanu zimatambasuka, ndipo akagwira chinthu simungamulande. Koma mawu aja anatsala komweko. Zaka ziwiri sanatchule kanthu. Anadzayambiranso pang'onopang'ono, ndipo mpaka lero akalankhula ndi mawu awiri kapena atatu basi.

Tsopano ali m'chaka chake chachisanu ndi chiwiri. Ukamutuma kukapala moto kwa agogo ake, ukamupeza kumtsinje, phale lili m'manja, akuyang'ana madzi. Sakhala pansi nthawi yoti munthu n'kusenda mbatata imodzi. Kusukulu anatha masabata awiri aphunzitsi n'kundibwezera, akuti anzake akamaimba zilembo iye amangozungulira mzati. Tsiku lina anamva fungo la parafini wa m'nyali yawo, ndipo anakuwa n'kudzimenyetsa mutu kukhoma mpaka magazi. Mng'ono wake wa zaka zitatu ndi amene amamugwira dzanja popita kuchitsime. Akayamba zakezo, ine ndi amayi timasowa pogwira. A Yohana okha ndiwo amamutha. Amangomuika chikhatho pamutu n'kumang'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, iye n'kufewa. Kumunda amawatsata pambuyo tsiku lonse. Amenewo ndiwo bambo amene mwati achoke.

Mumandidziwa, alongo anga, kuti ine ndikaona nkhuku ikutsimphina sindigona mpaka nditadziwa amene waigenda. Zaka zisanu zonsezi ndakhala ndikufunafuna wolakwa. Poyamba ndinakayikira kabotolo kaja. Amayi a pamtondo ankati mzunguyo amakoka mpweya wa mwana n'kuutsekera m'botolo, ndipo pobweza sabweza wonse. Ndinkawaseka, popeza ndine wa mpingo, koma ndikafika kunyumba ndinkaziganizira. Ena anati amene anadzukayo si mwana wanga. Ndikuchita manyazi kulemba, koma ndinamupinda khutu kuyang'ana kadontho kakuda kamene anabadwa nako. Kanalipo. Ndinayenda mpaka kutsidya kwa Linthipe kukaona mnyamata wina amene adokotala omwewo anamugonetsa pomuchotsa chotupa m'khosi. Ndinamupeza akuwerengera agogo ake buku, nzeru zake zili bwinobwino. Koma iyeyo anamugonetsa ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mutu utakhwima kale. Ndinabwerako ndilibe yankho, mapazi atatupa.

Pamenepo ndi pamene a Esitere analowerera. Iwo anati botolo lilibe mlandu, uyu ndi mwana wosemphedwa. Masiku anawawerengera bwino lomwe. Titakhala kuchipatala sabata imodzi ufa unatithera, a Yohana n'kupita kukatenga wina kwa abale awo, ndipo anagona kumeneko masiku awiri. Atabwera anamunyamula mwana chilonda chisanapole.

"Mwamuna amene mwana wake ali ndi bala amayenera kukhala wozizira," anatero a Esitere. "Uyu anakagona ndi mkazi wina, n'kubwera ndi moto wakewo kudzagwira mwana. Tsempho silitupitsa miyendo yokha ayi, mwana wanga, lina limalowa m'mutu."

Ndinayankha kuti mwanayo anadzuka wosintha ulendo wa ufawo usanachitike. Iwo anati mankhwala akanatha m'thupi, mwana n'kubwerera mwakale, koma bambo ake anatseka njira.

Ine a Esitere ndimawadziwa. Dimba limene a Yohana anatsegula m'dambo, n'kulikumbira ngalande zaka zitatu, lili pafupi ndi munda wawo, ndipo mkamwini wawo watsopano alibe dimba. Akamadutsa pamenepo amayenda pang'onopang'ono. Zonsezi ndinkaziona, komabe mawu awo anandikomera m'khutu, ndipo chifukwa chake muchimva posachedwa.

Chaka chatha, titatha kupalira, ndinabwerera kuchipatala kuja ndekha. Adokotala anali paulendo, koma a Rafaelo anandikumbukira. Ndinawafunsa mosazungulira ngati mankhwala aja, amene iwo amawatcha kolorofomu, amaononga nzeru za mwana.

"Mayi, ndinama ndikati ndikudziwa," anatero. "Tagonetsa anthu ambiri, ndipo ochuluka amadzuka n'kufunsa chakudya. Koma makanda adokotala amawaopa. Akuti mutu wa khanda uli ngati mbiya yosaotcha, chala chikangokhudza chimasiya malo. Kaya ndi mankhwalawo, kaya ndi mpweya ukachedwa kubwerera, iwonso akuti sadziwa."

Kenaka anandifunsa motsitsa mawu, "Kodi amuna anu sanakuuzeni kanthu?"

"Kanthu kanji?"

"Ngati eni ake sananene, ine sindinganene."

Ndinawakakamiza, koma anatenga beseni lawo n'kulowa m'nyumba. Masiku atatu a panjira ndinalitafuna funso limenelo, ndipo pofika kuno linali litasanduka mkazi. Ndinati a Rafaelo anawaona a Yohana ndi wina wake kumeneko. Ndinafikira kwa a Esitere ndisanatule ngakhale mtolo, n'kuwapatsa mawuwo ndi pakamwa panga. Umboni umene anakutumizirani uja, woti ngakhale a kuchipatala akudziwa, unachokera kwa ine.

Ankhoswe atakumana mwezi wa Malichi, a Yohana anakhala pansi mwaulemu monga amachitira nthawi zonse. Nkhoswe ya kwawo inawafunsa ngati anagona ndi mkazi wina ulendo wa ufa uja. Koyamba anati, "Ndamva." Kachiwiri anayang'ana pansi. A Esitere ndiye anati, "Chabwino, ngati akukana, titume munthu akaitane a Rafaelo adzanene zimene akudziwa." Pamenepo a Yohana anadzutsa mutu msanga n'kunena kuti, "Musavutitse munthu wa pantchito. Ndilibe mawu." Tonse tinati agwidwa. Kuyambira tsiku limenelo ndinkawaikira chakudya osawayang'ana, ndipo mphasa yanga ndinaisunthira kwa ana.

Miyezi itatu imeneyi ndakhala mlonda wa mwamuna wanga. Ndinawatsata kawiri mpaka kudambo, ndikubisala m'bango ngati wakuba, ndipo kawiri konse ndinawapeza akuthirira anyezi, Marita atakhala pamzere. Ndinapisa m'thumba lawo lachikopa kufuna mkanda kapena chibangili cha mkaziyo, koma ndinangopeza fodya ndi kampeni. Kutchalitchi ndinkayang'ana kumene maso awo akupita poimba. Ankapita pabuku. Ngakhale zimenezo ndinazitembenuza, ndinati munthu wochenjera ndi amene amaoneka wofatsa chonchi. Mukanandiona, alongo anga, mukanaseka, koma ine sizinali zoseketsa. Ndinkawada ndi mtima wonse, ndipo ndinkamva bwino powada.

Dzulo masana ndinawapeza akufolera nkhokwe yatsopano imene akutisiyira. Marita anali pansi akuwapatsira udzu, umodziumodzi. Mtima unandipsa poona munthu akugwira ntchito mwaudongo chotero pakhomo pomwe akumuthamangitsa, ndipo ndinati asachoke ndi dzina la mkaziyo.

"Atate ake a Marita, mwatsala ndi masiku asanu. Ndiuzeni dzina lake basi, ndileke kuyang'ana mkazi aliyense wa ku Mayani ndi diso la nkhwezule."

Anatsika, n'kutuma Marita kuti akaone mbuzi kuseri kwa nyumba.

"Kulibe mkazi, amake Marita. Masiku awiri aja ndinagona kwa amalume anga, m'mphala ndi anyamata."

"Nanga bwanji simunakane? Nanga a Rafaelo akubisa chiyani?"

Anakhala pansi pambali pa nkhokwe. Kenaka anati, "Mzungu atatsala pang'ono kumaliza kusoka, mwana anasanza. Unali mkaka. Unatuluka m'kamwa ndi m'mphuno, wina n'kubwerera m'chifuwa, ndipo mpweya unaima. Mzungu anamuzondotsa, n'kumukolowola kukhosi ndi chala, n'kumamupsinja nthiti. Ine ndinanena pemphero la Ambuye kanayi mwana asanapume. Atapuma, mzungu anandifunsa kuti amake anamuyamwitsa liti, ine ndinati sindikudziwa."

Alongo anga, apa ndi pamene ndakhala ndikuzemba kuyambira pamwamba pa pepala. Dzulo lake la tsiku lomugonetsa lija a Rafaelo anatiuza momveka bwino kuti kukacha mwana asalawe kanthu mpaka ntchito itatha. Ndinafunsa za bere, iwo anati ngakhale bere, ndipo anabwereza kawiri. Sindinganene kuti sindinamve.

M'mawa mwake kunazizira ngati lero. Marita anadzuka ndi njala n'kuyamba kulira, akukoka nsalu yanga, ine ndikumukankha dzanja. Amayi a m'chisakasa anayamba kuyang'anana. Wina wachikulire, wa mphini pamphumi, anati mokweza, "Mwana akulirira bere, amake akumumana. Kodi mtsikana iwe, uli kale ndi pakati pena, uyu asanayende bwino?" Onse anaseka. Mukudziwa manyazi amene amagwera mkazi wotenga pakati akuyamwitsa. Ndinawafotokozera za lamulo la adokotala, iwo anati mzunguyo sanayamwitsepo mwana. Mabere nawo anali atadzaza mpaka kuwawa. Ndinadziuza kuti malamulo a anthu a mankhwala onse ndi amodzimodzi, sing'anga amati usadye nkhuku, iwe n'kudya, osafa. A Yohana atapita kukaona ngati adokotala afika, ndinakhala pakati pa amayi aja kuti onse aone, n'kumuyamwitsa mabere onse awiri mpaka anakhuta. Sipanapite nthawi a Rafaelo anabwera kudzatitenga. Anafunsa ngati mwana walawa kanthu, ndipo ine ndinati ayi.

Zaka zisanu ndakhala ndikudziuza kuti mkaka wa mayi sungapweteke mwana wake. Sindinauze munthu, ndipo ndinkaganiza kuti palibe akudziwa kupatula amayi achilendo aja. Koma pansi pa mtima panali kanthu kondiluma, n'chifukwa chake ndinkathamangira aliyense wobwera ndi wolakwa wina, kaya botolo, kaya mzungu, kaya mwamuna wanga.

Dzulolo ndinangokhala pansi pomwepo pamapesi. Ndinawafunsa a Yohana chifukwa chimene analolera kunyozedwa pamaso pa ankhoswe.

"Akanabwera a Rafaelo, akananena za mkaka pamaso pa mudzi wonse," anatero. "Ine ndine mkamwini. Akandiloza chala ndinyamula nkhwangwa yanga ndi mphasa, ndipita kwathu, ndipo pakapita chaka aiwala. Inu akakulozani chala mupita kuti? Kwanu ndi kuno. Mudzatunga madzi ndi anthu omwewa mpaka kukalamba, ndipo Marita akamadutsa azidzati, uyo anaonongedwa ndi amake."

"Nanga Marita mukumusiyira yani?"

Anakweranso pankhokwe n'kupitiriza kufolera, koma ndinaona kuti luzi likuwapulumuka m'manja.

Lero m'mawa ndinapita kwa amayi, ndinagwada, n'kunena zonse monga ndakulemberani. Anandimvera mpaka kumapeto akusankha nyemba. Kenaka anasuzumira kukhomo ngati kuli munthu, n'kunena kuti, "Mawu amenewo sindinawamve, ndipo iwe sunawanene. Mwini mbumba waweruza kale. Mkamwini apezeka wina, koma dzina la mwana wanga likang'ambika ndilisoka ndi chiyani?" Ndinayamba kulira, iwo anati ndikaphike. Mmene anayankhira msanga, osadabwa n'komwe, zandipatsa maganizo. Amayi a m'chisakasa aja anali oposa khumi, ndipo nkhani imayenda. Mwina inafika pakhonde pa amayi kalekale, iwo n'kuikhalira.

Sindikudziwa ngati ndi mkaka wanga wokha umene unachita izi. Mwina mankhwalawo akanamusiya chonchi ngakhale m'mimba mukanakhala mopanda kanthu, popeza a Rafaelo omwe akuti sadziwa. Ndikanakonda kubisala kuseri kwa mawu amenewo, ndipo ndayesa. Koma chimene ndikudziwa n'chakuti a Yohana sanalakwe, ndipo ine ndinanama kawiri, koyamba kwa a Rafaelo, kachiwiri kwa mbumba yonse.

Pempho langa ndi ili. Loweruka apita ndithu, chifukwa kalata ino siingapite ndi kubwera m'masiku anayi, ndipo ine ndikaima ndekha pamaso pa ankhoswe amayi adzati ndasokonezeka ndi chisoni. Munthu wochotsedwa ndi mwini mbumba sabwerera popanda mawu a mwini mbumba. Lembani makalata awiri, ina kwa ankhoswe a kuno, ina kwa amalume awo ku Mayani, ndipo mutchule dzina langa ndi chimene ndinachita, osabisa. Aphunzitsi akafuna kumatula amatule, ulendo uno zindithandiza. Koma fulumirani. Alongo awo a Yohana ayamba kale kutchula za mkazi wina wamasiye kwawoko, ndipo mvula yoyamba ikagwa adzakhala akulima munda wa eni ena.

Ndikuuzeni zoona, nanunso ndikukukayikirani. Ndinu mwana wa amayi, ndipo mumandikonda monga iwo. Ndikukuonani kale mukuwerenga kalatayi, n'kuipinda bwinobwino, n'kuiika pansi pa bokosi, kenaka chaka chamawa n'kudzati inasochera panjira. Musatero. A Gervazio ndawauza kuti asachoke pakhomo panu musanaiwerenge mpaka pa dzina langa. Mukandimvera chisoni mwa njira ya amayi, mudzakhala mwandisungira mbiri, koma mwana wa mlongo wanu mwamulanda munthu yekhayo amene amamumva. Ndikuopa zimene anthu adzanene kuchitsime, sindikana. Koma ndikuopa kwambiri Lamulungu lino m'mawa, Marita akadzadzuka.

Amayi akupereka moni, ndipo akuti bulangete lija likuwathandiza m'chisanu chino. A Esitere akanapereka wawo akanadziwa kuti ndikulemba. Mundiperekere moni kwa onse a kwathu amene muli nawo kumeneko, ndipo muzisamala chifuwacho. Mlamu wanu sakupereka moni chifukwa sakudziwa za kalatayi, ndipo akanadziwa akanaing'amba. Pamene ndikulemba pano akunola makasu athu onse, ndi la amayi lomwe.

Marita wakhala pamtolo wa atate ake kuyambira m'mawa, ndipo wakana kudya. Palibe anamuuza kanthu, koma amene amati mutu wake sugwira sakumudziwa. Ndamufunsa chimene ndiwauze amalume ake. Iye wati, "Atate abweranso?" Ndamuuza kuti ndafunsa amalume.

Ndine mlongo wanu,
Jestina.